A Hilary Ndau ndi mgodi wa bambo awo

Tsiku loika maliro a bambo awo, a Hilary Ndau anamva anthu akuseka kumanda. Sikunali kuseka kwa phokoso ayi, kunali kuja kobisa m'chikhatho, mapewa okha akugwedera. Mkulu wina amene anaimirira kuti alankhule m'malo mwa anzawo a malemu anayamba bwinobwino, koma pofika potchula dzina pakamwa panaterera, n'kuti, "Lero tataya a Golide." Dzina la ubatizo la munthuyo linali Silvester. A Hilary nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ataima m'mbali mwa dzenje ndi fosholo m'manja. Anangokwirira bambo awo, koma kuseka kuja anapita nako kunyumba, ndipo anakhala nako zaka pafupifupi makumi atatu.

Dzina la Golide linabwera chonchi. A Silvester anakula akuweta ng'ombe m'mapiri a kuseri kwa Nzama, chakumalire uko. Ankanena kuti tsiku lina akufunafuna thole losochera anapeza khomo m'phiri, lolowa chotsetsereka, ndipo m'katimo munali mizati ya mitengo yocheka ndi sowo, ya mbali zinayi, yomanga ndi mabawuti onenepa kuposa chala. Anathawa, kuganiza kuti ndi nyumba ya afiti. Atakula anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Tsiku loyamba kutsitsidwa pansi, ataona mizati yochirikiza denga la mgodi, akuti anakumbukira khomo la m'phiri lija. Anazindikira kuti chimene anachithawa ali mwana chija unali mgodi, ndipo mzungu wakale sakanavutika kucheka mitengo n'kukwera nayo phiri chifukwa cha dothi wamba.

Anabwerako patatha zaka khumi ndi ziwiri ndi bokosi lachitsulo, njinga, chipewa cholimba cha pansi, ndi chifuwa chosamva mankhwala. Khomo lija sanalipezenso. Phirilo linali litagumuka kangapo, mitengo itamera pena, pena itadulidwa. Anafuna, anafuna, mpaka mpweya unayamba kuwathera pa chitunda choyamba. Kumowa anthu ankawaitana, "A Golide, takhalani apa mutiuzenso za mabawuti aja." Iwo ankafotokoza ndi mtima wonse, akutsokomola, osadziwa kuti anzawo akutsinana. Ena ankati fumbi la ku Joni linawalowa m'mutu. Ena ankangoti ndi abodza.

Ndiye a Hilary chimene ankafuna m'phirimo sichinali chuma kwenikweni. Ankafuna kuti tsiku lina atenge anthu a m'mudzi, akwere nawo, awaloze mizati ija ndi chala, aone okha kuti bambo awo sanali wabodza kapena wamisala.

Tinene zoona pamaso pa Mulungu, a Hilary sanali munthu waulesi. Anakwatira a Selestina, a kwa Chisale, n'kubereka ana anayi, woyamba Nomsa. Mbatatesi zawo zinkadziwika, ogula ochokera ku Nsipe ankayamba kufika pakhomo pawo asanapite kwina. Anali ndi dimba kumtsinje ndi pampu ya injini yothirira m'chilimwe. Kutchalitchi ankaimba besi mukwaya, ndipo limana, gulu la akhristu lopemphera m'makomo, likafika pakhomo pawo pemphero la korona ankatsogolera okha. Mowa sankaulawa. Koma Loweruka lililonse, mvula ikangosiya, ankavala chipewa cha bambo awo chija, kutenga piki ndi kabeseni, ulendo wa kuphiri. Madzulo ankabwera ndi miyala m'thumba la feteleza. Ina ankaisinja mu kamtondo kachitsulo n'kumaitsuka m'beseni, akupendeketsa pang'onopang'ono, maso ali tong'o. Ina ankaidutsitsa pa maginito a sipika ya wailesi yakufa. Imene yawasangalatsa ankaiika m'mabotolo pawindo, botolo lililonse ndi kapepala kolemba malo ndi tsiku. Kamodzi anapita ndi miyala yonyezimira kwambiri kwa munthu wina wodziwa za miyala mumzinda. Munthuyo anaikanda ndi mpeni, inanyenyeka, n'kuwauza kuti akaikongoletsere maluwa.

A Selestina ankadandaula za beseni lawo limene linkangobooka, koma amayi anzawo pa mjigo ankawadzudzula. "Inu khalani chete, Nachisale. Anuwo amakwera phiri n'kubwera ndi miyala. Athu amatsikira kumsewu n'kubwera ndi matenda."

Mnzawo wa kuphiri anali mlamu wawo, a Chrispine, mchimwene wa a Selestina wobadwa pambuyo pawo. A Chrispine anali kalipentala, opanga zitseko ndi mabokosi a maliro, bambo wa ana atatu, munthu woti ngakhale pa siwa ankaseketsa anthu. Za golide sankazikhulupirira n'komwe. Ankapita chifukwa kuphiri kunali uchi ndi mbewa, komanso ankati Loweruka akazi awo, a Veronica, amawapezera ntchito zambiri.

"Alamu," ankatero akukwera, "mukadzampeza golideyo ine sindifuna zambiri. Mudzangondiikira dzino limodzi lakutsogolo, ndizikaseka nalo ku Nsipe."

"Inu tayendani. Pakamwa pokhapo ndiye pamakwera msanga."

"Komatu mundisamale. Ndikafa ine, bokosi lanu adzakhoma ndani? Mudzapita m'mphasa ngati kale."

Woseka wamkulu m'mudzi anali a Raphael, mnzawo wa a Hilary wa kusukulu, amene ali ndi kagolosale pa mphambano. A Hilary akamadutsa ndi thumba lawo, a Raphael ankatulukira pakhonde. "Golide wamng'ono! Lero mwatitengera makilo angati? Ndikonze sikelo?" Anyamata a pa bawo n'kumagwa nako kuseka. A Hilary ankangokweza dzanja ngati akupereka moni, koma akafika kunyumba ankakhala nthawi yaitali osavula nsapato.

Kenako kunabwera chaka cha mvula yoopsa ija, imene inakokolola milatho. Mbali imodzi ya phiri inasendeka kuchokera pamwamba mpaka kukhwawa, n'kusiya chilonda chofiira chooneka uli kumudzi. Mu Julaye a Hilary ndi a Chrispine anakwera kukaona. Pakati pa chilondacho, pansi pa thanthwe, panali kabowo koti galu n'kulowa. A Hilary anaponyamo mwala. Unagubuduka nthawi yaitali, kenako phuvu, m'madzi.

Anagwada pomwepo n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

Anakumba Maloweruka asanu ndi awiri. Bowo linakula mpaka munthu kulowa chowerama. Linkatsika chopendekera, kuterera, moti anamanga chingwe ku mtengo wa panja kuti azigwira. Pansi, ngati kutalika kwa mitengo iwiri ya bulugama, panali kamalo kosalala koti anthu atatu n'kuimapo, ndipo kuchokera apo njira inkapitirira kutsika koma yodzaza madzi akuda, ozizira ngati a mufiriji. Mzati sanauone ngakhale umodzi. Khoma linali mwala ndi dothi basi.

Nkhani inafika pa mphambano. A Raphael anati, "Una wa nungu umenewo. Bambo anapeza mabawuti, mwana wapeza nungu. Banja lodalitsika."

A Chrispine ndi amene anayankha, ndipo tsiku limenelo sanaseke. "A Raphael, ine ndine kalipentala. Mtengo wocheka ndi sowo ndimaudziwa ngakhale utawola. Ndikakauona ndi maso angawa ndidzakuuzani, ndipo mudzakwera nokha kukapepesa. Ndikakapeza nungu ndidzakubweretserani minga muzitokosera m'mano."

"Mukadzanena inu ndidzakhulupirira," anatero a Raphael. "Koma osati awa. Awa akhoza kuona mzati ngakhale m'kapu ya tiyi."

Mawu amenewo a Hilary anawasunga. Anadziwa kuti pakamwa pawo palibe amene angapamvere, koma pa mlamu wawo anthu adzamva.

Anayesa kutunga madziwo ndi ndowa. Tsiku lonse kukoka ndi kukhuthula, Loweruka lotsatira n'kupeza abwerera pomwe anali. Ndiye maganizo anafika pa pampu ya kudimba. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mbatatesi za kudimba zitangoyamba maluwa, nthawi imene sizifuna kuphonya madzi ngakhale masiku awiri.

"Bambo a Nomsa, pampu imeneyo ndi ya ana," anatero a Selestina m'mawa wa Lowerukalo, ataona akuimangirira pa njinga. "Dzulo simunathirire, lero simuthirira, mawa ndi Sabata. Mukufuna tikakolole mapesi?"

"Tsiku limodzi lokha, mayi a Nomsa. Masana ikhala itabwera."

"Bambo anu anagona kale. Amene akuseka asiyeni aseke, mano ndi awo."

"Inu simunaime pa dzenje la manda awo paja."

A Selestina anatembenukira kwa mchimwene wawo amene anali atanyamula mapaipi paphewa. "Nawenso Chrispine, mkulu wonse ndi ndevu zako, m'malo momuletsa mlamu wako ukumunyamulira?"

"Achemwali, mukufuna apite yekha? Ndikupita kukamuyang'anira. Tikabwera mudzatiphikire nkhuku, ya golide tidzagula mawa."

Anakankha njinga mpaka pamene njira inathera, kenako ananyamula pampu pa mtengo, wina kutsogolo wina kumbuyo, ngati anyamula mbuzi. Anaiika pakhomo pa bowo, kulumikiza mapaipi onse, kuiliza. Inalira, inalira, madzi osabwera. Paipi inkafika m'madzi ndithu, koma kunali kwakuya, pampuyo inalibe mphamvu yokoka kuchokera pamwamba. Mlimi aliyense wa dimba amadziwa chochita zikatero: umaisendeza pampu pafupi ndi madzi, izikankha m'malo mokoka. Kumtsinje amachita zimenezo tsiku ndi tsiku, kuitsitsira m'khwawa, munthu n'kukhala pambali pake tsiku lonse akudya chimanga chootcha, utsi ukupita ndi mphepo. Palibe amene anadwalapo nazo.

Anaitsitsa ndi chingwe mpaka pa kamalo kosalala kaja.

A Chrispine anayang'ana kumwamba kumene kuwala kunkaoneka ngati mbale yaing'ono. "Alamu, nanga utsi uzitulukira kuti?"

"Momwe talowera ife. Utsi umakwera." A Hilary anatulutsa kandulo m'thumba. "Ndiponso bambo anandiphunzitsa. Pansi mpweya woipa umaudziwa ndi moto. Kandulo ikayamba kufooka kapena kuzima, thawa osatenga chilichonse. Ikamayaka bwino, palibe choopa."

Anaiyatsa, kudonthezera pa mwala, kuiimika. A Chrispine anakoka chingwe cha injini.

Phokoso lake m'menemo linali loti sungamve mnzako. Koma paipi inalimba gwa, madzi anayamba kukwera, ndipo m'mphepete mwa khoma munayamba kuoneka mzere wonyowa pamene madzi achoka. Chala chimodzi. Chikhatho. Mkono. Anthu awiriwo anakhala chonjuta, tochi ili m'madzi, kuyang'ana ngati ana.

Patapita nthawi a Chrispine anagwira pachipumi n'kukuwa m'khutu mwa mlamu wawo. "Mutu ukundiwawa!"

"Ndi phokoso!" A Hilary analoza kandulo. Inkayaka mowongoka, lawi lachikasu, lokongola ngati la pa guwa. Nawonso mutu unkagunda, m'mimba mukuchita nseru, koma anati ndi njala, poti anachoka osadya.

Madzi anatsika mpaka kufika m'chiuno mwa njira ija. Ndipo apo, m'kuwala kwa tochi, munatuluka chinthu chakuda, choima chilili kukhoma. China patsidya pake. Pamwamba china chopingasa.

A Chrispine anatsikira m'madzi mpaka m'maondo, akudzandira. Anapala chinthucho ndi chikhadabo, kuchisisita ndi chikhatho kuyambira pamwamba mpaka pansi monga amachitira ndi thabwa. Anatembenuka, mano onse pamtunda, akukuwa zinazake zimene injini inameza. Anakweza chala chachikulu.

A Hilary analira. Bambo wa zaka makumi asanu, misozi ndi mamina, akuitana bambo awo dzina. Kenako anakumbukira foni. Anali ataisiya m'jekete panja kuopa madzi. Anapanga chizindikiro kwa mlamu wawo kuti dikirani, ndikajambule. A Chrispine anagwedeza mutu, n'kubwerera pa kamalo kosalala, kukhala pansi pafupi ndi pampu, kutsamira khoma ngati munthu wotopa ndi ntchito yabwino.

A Hilary anagwira chingwe. Miyendo inali ngati ya munthu wina. Anakwera, kupuma, kukwera. Mbale ya kuwala ija inkakula kenako n'kumachepa. Anafika poti dzanja limodzi linagwira udzu wa panja. Zimene akukumbukira zimathera pamenepo.

Zotsalazi anachita kuuzidwa. A Selestina anadikira mpaka dzuwa linapendeka. Anapita kudimba, anaona masamba a mbatatesi atagona, mtima unawapsa, anamanga chitenje n'kuyamba kukwera phiri kuti akailande pampuyo ndi manja awo. M'njira monse ankakonza mawu oti akawalalatire. Atafika anapeza kuli zii. Injini inali itazima yokha, petulo atatha. Amuna awo anali chigonere pakhomo pa bowo, mutu panja miyendo m'kati, atasanza, nkhope ili psuu. Anawakoka ndi kolala mpaka pa udzu. Anaitana m'bowomo, "Chrispine! Chrispine iwe!" Munangotuluka fungo la utsi.

Anakuwa mpaka anthu ootcha makala kutsidya kwa khwawa anamva. Woyamba kulowa anabwerera pakati, akudzandira. Anadikira, akupemerera m'bowomo ndi nthambi ndi zitenje, a Selestina akugubuduka pansi. Pamene anatsika awiri atamanga nsalu zonyowa kukamwa, anawapeza a Chrispine atakhala momwe muja, atatsamira khoma, manja ali pamaondo. Madzi anali atabwerera kale mpaka m'mapazi mwawo. Kandulo inali itapsa yonse mpaka pa mwala.

Ambuye, muwalandire. Anasiya mkazi ndi ana atatu, wamng'ono asanayambe sukulu.

A Hilary anatsitsimuka tsiku lachitatu kuchipatala cha ku boma. Mawu awo oyamba anafunsa ngati mlamu wawo anaitenga foni ija n'kujambula. A Selestina anali atakhala pa mpando pambali pa bedi, kumutu atamanga duku lakuda. A Hilary anayang'ana dukulo, n'kutembenukira kukhoma.

Dokotala wina wachinyamata ndi amene anawafotokozera. Anati utsi wa injini uli ndi mpweya wina wopanda fungo umene umalowa m'magazi mwakachetechete, ndipo mpweya umenewo suzimitsa kandulo. Munthu amafa moto ukuyaka bwinobwino. Anati za kandulozo n'zoona pa mpweya wina wa m'mapanga ndi m'zitsime, bambo anu sananame, koma sanakuuzeni za injini chifukwa sanaganize kuti munthu angatsitse injini ya petulo m'dzenje lopanda potulukira mphepo.

Maliro anaikidwa iwo ali m'chipatala. Bokosi anakagula ku Nsipe, lopanga munthu wachilendo, chivundikiro chake chosakhala bwino. Tsiku lotsatira abale a kwa Chisale ndi amuna ena a m'mudzi anakwera phiri ndi makasu ndi zitsulo. Anagubuduzira miyala ikuluikulu m'bowomo, pampu ili momwemo, kuthira dothi, kupondaponda, n'kugwetsera thanthwe lija pamwamba. Panalibe amene anati tiyambe taona zimene zili pansi. Munthu sungawadzudzule. Kumeneko kumapita ana oweta mbuzi.

A Hilary anatuluka patatha milungu itatu, koma sanabwere onse. Manja ankanjenjemera. Ankatha kuika khasu pansi n'kuyamba kulifuna. Nyimbo za kwaya zimene anaimba zaka makumi awiri zinkawathawa pakati. Tsiku lina anamufunsa Nomsa kuti mwana wanyamulayo ndi wa yani, chonsecho ndi mdzukulu wawo amene anamutcha okha dzina. Mbatatesi za kudimba zinapserera zonse.

Atapeza mphamvu anapita kwa a Veronica, mkazi wa malemu. Anavula nsapato kutali, anagwada pabwalo, a Selestina ali pambali pawo. A Veronica anatuluka, anakhala pakhonde, osawapatsa mpando.

"Ndabwera kuti mundinene chilichonse chimene mukufuna," anatero a Hilary.

"Ndikuneneni chiyani? Munawamanga chingwe? Anapita ndi miyendo yawo." A Veronica anawayang'ana m'maso. "Ndingofuna chimodzi. Mawu awo omaliza anati chiyani? Anatchula ana?"

A Hilary anatsegula pakamwa. Ankaona mano aja, chala chija, milomo ikuyenda. "Kunali phokoso, mlamu. Sindinamve."

"Simunamve."

"Koma anasangalala. Anaigwira mizati. Anaona kuti bambo…"

"Bambo a Nomsa!" A Selestina anawagwira mkono mwamphamvu. A Veronica anaimirira, kukutumula chitenje, kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko chimene amuna awo anapanga.

Pa mphambano kuseka kunatha. A Hilary akamadutsa, anyamata a pa bawo ankayang'ana pansi. Tsiku lina anaima okha pa golosale, n'kunena, "A Raphael, mizati ilimo. Itatu. Iwiri yoima, umodzi wopingasa. Alamu anaigwira ndi manja."

A Raphael anatuluka kuseri kwa kauntala, anawakokera mpando, anawatsegulira botolo la zakumwa. "Inde, achimwene. Inde. Khalani pansi, dzuwa lakula."

"Simukundikhulupirira."

"Ndakana ine? Mwati ilimo, ilimo. Imwani."

Anawalankhula mofatsa ngati mmene timalankhulira ndi wodwala. A Hilary anaona kuti bola kuseka kuja.

Ndiye anayamba kunena zokafukulanso. Anati safuna pampu, safuna golide, angochotsa miyala, adikire chilimwe chikafike pachimake, alowe ndi foni, ajambule kamodzi, atuluke. A Selestina anawamvetsera mpaka anamaliza. Anali akusenda nyemba, ndipo sanasiye.

"Ine ndakhala nanu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi," anatero. "Sindinakuchokereni pamene munkandiboolera mabeseni. Sindinakuchokereni pamene ndinaika mchimwene wanga. Kwathu amandifunsa kuti ukudikira chiyani kumeneko, ine ndimati ndinalumbira pa guwa. Koma mukakachotsa mwala umodzi wokha paja, umodzi, mudzandipeza kwa amayi. Ndipo Mulungu adzandimvetsa."

A Hilary anafunsa ndi mawu aang'ono. "Pamene munkandikoka paja, sindinanene kanthu? Za mizati?"

"Munangosanza."

"Nanga amene anatsika kukawatenga alamu, sanaone?"

"Anaona madzi ndi maliro. Mumafuna aone chiyaninso?"

"Koma ine ndinaiona, eti?"

A Selestina anasiya nyemba n'kuwayang'ana. Ndi mayi woti sanama ngakhale pofuna kutonthoza munthu. "Sindikudziwa, bambo a Nomsa. Ine kunalibe. Dokotala anati utsi umene uja umaonetsa anthu zinthu. Amene akanatiuza ndi Chrispine."

Kuphiri sanapitenso. Mabotolo a pawindo a Selestina anawakhuthulira kudzala, iwo akuona, osaletsa. Pano amalima pang'ono pafupi ndi nyumba, ndipo theka la zimene akolola amakatula kwa a Veronica, amene amalandira osalankhula. Pa Misa amakhala kumbuyo, saimbanso. Mwezi uliwonse amaperekera Misa mizimu iwiri, wa Silvester ndi wa Chrispine.

Mukawapeza tsiku labwino adzakuuzani kuti mizati inali itatu ndipo bawuti limodzi linkaoneka. Tsiku lina adzati inali iwiri, za bawuti sakutsimikiza. Pali masiku enanso amene amakhala pakhonde manja akunjenjemera pa maondo, n'kunena okha kuti mwina inali mizu ya mtengo, mwina anangoona zimene bambo awo anawafotokozera kambirimbiri ali mwana. Masiku amenewo sadya. A Selestina amawabweretsera madzi, kuwaika korona m'manja, n'kuyambitsa okha pemphero kuti iwo angotsatira.